Giredi imodzi, misika yosiyana: zomwe lamulo likunena pa malipiro a m'boma

Aphunzitsi awiri a pulayimale amene ali pa giredi imodzi amalandira salale yofanana, kaya wina ali ku Ndirande ndipo mnzakeyo ali ku Nthalire m'boma la Chitipa, ku Makhanga kutsidya kwa Shire kapena pachilumba cha Likoma. N'chimodzimodzinso anamwino, alangizi a zaulimi, azaumoyo oyendera m'midzi ndi akalaliki a m'maofesi. Boma la Malawi lili ndi ndondomeko imodzi ya malipiro m'dziko lonse, ndipo chimene chimakweza kapena kutsitsa salale ya munthu ndi giredi yake, kuchokera pa A pamwamba penipeni kutsika mpaka pa R. Dera limene munthu akugwirako ntchito sililowa m'masamu amenewa.

Koma ndalama yofananayo ikafika pamsika sigula zofanana. Pachifukwachi, nthawi iliyonse imene boma lalengeza kuti lakweza malipiro, madandaulo amamveka mbali ziwiri. A m'tauni amati zonse zathera lendi ndi minibasi mwezi usanafike pakati. A kumudzi amati iwo ndiwo adaiwalika, chifukwa kungoti akafike kubanki kapena kuchipatala chachikulu amawononga tsiku lathunthu ndi ndalama zambiri. Onsewa akunena zoona. Chimene ambiri sadziwa bwino ndi malire a ufulu wawo pankhaniyi. Zina ndi zoti lamulo lidawapatsa kale, ndipo akamanidwa angathe kupita nazo kukhoti. Zina lamulo silidawalonjeze, ndipo zingapezeke pokhapokha pokambirana ndi owalemba ntchito. Kusokoneza ziwirizi kwatayitsa anthu nthawi, ndipo ena kwawaika pangozi ya kuchotsedwa ntchito.

Kusiyanako kuli pati?

Tisathamangire kunena kuti m'tauni zinthu n'zodula, kumudzi n'zotchipa. Sizoyera choncho. Pali zinthu zina zimene mtengo wake ndi umodzi paliponse: bungwe la MERA limaika mtengo umodzi wa petulo ndi dizilo pamalo onse omwetsera mafuta, ndipo mtengo wa magetsi a ESCOM susintha poti munthu ali ku Karonga kapena ku Mulanje. Komabe kumene kulibe malo omwetsera mafuta anthu amagula a m'zigubu pamtengo wokwera, ndipo wakabaza amaukankhira mtengowo kwa wokwera. Sopo, shuga, mafuta ophikira, mchere ndi simenti zimachokera m'mizinda, ndiye zikamafika ku Usisya, ku Makanjira kapena ku Neno zimakhala zasenza mtengo wa msewu woipa. Ku Likoma katundu ambiri amafika pa sitima, ndipo sitima ikaleka kuyenda mashopu amauma.

Chimanga nacho chili ndi mapu akeake. Malipoti a mwezi ndi mwezi a bungwe la kafukufuku la IFPRI akhala akuonetsa kawirikawiri kuti mtengo wa chimanga umakhala wokwera m'chigawo cha kumwera ndi wotsikirapo kumpoto. Namwino wa ku Nsanje kapena Chikwawa amagula thumba la chimanga modula kuposa mnzake wa ku Chitipa kapena Mzimba, ngakhale onse ali kumidzi. Pamenepa ndiye kuti ngakhale mawu akuti kumudzi sakwanira kufotokoza kusiyanaku.

Chimene chimapha wa m'tauni ndi nyumba. Wogwira ntchito ku Capital Hill amene ali pa giredi yotsika sangakhale ku Area 10 kapena Area 43 kufupi ndi ofesi. Amakhala ku Area 25, ku Chinsapo, ku Area 36 kapena kwa Kauma, ndipo ambiri amakwera minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwerera. Wa ku Blantyre amatsika kuchokera ku Machinjiri, ku Bangwe kapena ku Chirimba. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi. Makala ndi ogula, madzi ndi ogula, ngakhale masamba a maungu ndi ogula. Onjezanipo abale ochokera kumudzi amene amafikira m'nyumba yomweyo akabwera kuchipatala chachikulu, kudzafuna ntchito kapena kudzaphunzira, ndipo palibe amene angawabweze pakhomo.

Wa kumudzi lendi yake ndi yochepa, nthawi zina amakhala m'nyumba ya pasukulu kapena pachipatala, ndipo ngati anthu amukonda mfumu imamubwereka kamunda. Zimenezi ndi zothandiza, tisakane. Koma nyumba za aphunzitsi ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero chawo, ndipo pamudzi wina nyumba yoti n'kuchita lendi yokhala ndi malata ndi simenti kulibiretu. Mtengo weniweni wa malo akutali suoneka pa risiti. Mwana akadwala usiku galimoto yoti imunyamule imakhala ya hayala. Ana ako akafika ku sekondale umawatumiza kutali, kapena banja limagawika pawiri, makomo awiri pa salale imodzi. Mkazi kapena mwamuna wako amene adaphunzira ntchito sangaipeze kumeneko. Maphunziro apadera oti ukwezedwe pantchito amachitikira m'mizinda. Mvula ikakula, monga zidachitikira kutsidya kwa Shire ku East Bank m'chaka cha 2015 ndi nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, msewu umaduka ndipo chilichonse chimakwera mtengo. Airtel Money ndi Mpamba zachepetsako maulendo opita kubanki, koma pamene netiweki imagwira utakwera pachulu, ndi pamene ejenti alibe ndalama zokwanira kumapeto kwa mwezi, ulendo wa kuboma sutha.

Ofesi yoona za kalembera ndi ziwerengero ku Zomba imatulutsa mwezi ndi mwezi chiwerengero cha kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo imasiyanitsa m'tauni ndi kumidzi. Bungwe la Centre for Social Concern nalo lakhala likuwerengera ndalama zimene banja limafuna pamwezi kuti lipeze zofunika m'mizinda ingapo. Choncho manambala oyambirapo alipo. Chosowa n'chakuti ndondomeko ya malipiro siwagwiritsa ntchito posiyanitsa madera.

Zomwe zidalembedwa

Poyambira ndi gawo 31 la malamulo aakulu a dziko a 1994. Gawoli likupatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka, ndi kulandira malipiro oyenera. Likupitiriza kunena kuti anthu ogwira ntchito yolemera mofanana ayenera kulipidwa mofanana popanda tsankho la mtundu uliwonse. Likutetezanso ufulu wolowa kapena kusalowa bungwe la apantchito, ndipo likulamula boma kuonetsetsa kuti ufulu wonyanyala ntchito ulipo. Lamulo la Employment Act la 2000 lidabwereza mfundo ya malipiro ofanana m'gawo 6, ndipo lidaika udindo pa wolemba ntchito kuti akadandaulidwa asonyeze yekha kuti sadaphwanye lamulo. Lamuloli limakhudza makampani ndi boma lomwe, kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, amene ali ndi malamulo awoawo. Kumbuyo kwa zonsezi kuli pangano nambala 100 la bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO, lonena za malipiro ofanana, limene Malawi adavomereza mu 1965.

Chinthu chimodzi chofunika kuchigwira bwino n'chakuti pamene lamulo la Employment Act likunena za malipiro silitanthauza salale yokha. Likuphatikizapo maalawansi ndi phindu lina lililonse limene munthu amapeza chifukwa cha ntchitoyo, kaya ndi ndalama kaya ndi zinthu monga nyumba. Ndiye ngati aphunzitsi awiri ali pasukulu imodzi, giredi imodzi, ndipo wina akulandira alawansi ya kumudzi pamene mnzake sakulandira popanda chifukwa chomveka, nkhaniyo ndi ya lamulo, ndipo wolemba ntchito ayenera kufotokoza.

Nanga kodi kupatsa ogwira ntchito ku Likoma ndalama yapadera imene a ku Zomba sakulandira ndi tsankho? Ayi, malinga ngati chifukwa chake chikuchokera ku malo ndi zovuta za ntchitoyo, ndipo aliyense wotumizidwa kumeneko akulandira. Tsankho limene gawo 20 la malamulo aakulu likuletsa ndi losiyanitsa anthu chifukwa cha chimene iwo ali: mtundu, chilankhulo, chipembedzo, kumene adachokera, kaya ndi mkazi kapena mwamuna, ulumali, maganizo a ndale ndi zina zotero. Kulipira munthu mwapadera chifukwa ndi Mtumbuka kapena Mlomwe n'kuphwanya lamulo. Kulipira mwapadera aliyense amene akugwira ntchito pachipatala chomwe chili kutali ndi msewu, posatengera kwawo, ndi njira yochepetsera kusiyana, ndipo gawo 20 lomwelo likulola kukhazikitsa malamulo othana ndi kusiyana pakati pa anthu. Gawo 30 likulamula boma kuchitapo kanthu kuti aliyense akhale ndi mwayi wofanana wopeza maphunziro ndi chithandizo cha zaumoyo. Palinso gawo 13, limene anthu salitchula kawirikawiri, lomwe likuti boma litukule moyo wa kumidzi ndipo liziyesa kupambana kwa mfundo zake poona mmene anthu akumidzi akukhalira.

Apa tinene mosabisa mbali yowawa. Palibe ndime ya lamulo imene ikukakamiza boma kuwonjezera munthu ndalama chifukwa lendi ya ku Lilongwe yakwera, kapena chifukwa thumba la chimanga ku Nsanje ladula. Mawu akuti malipiro oyenera sadapatsidwe nambala. Mfundo za m'gawo 13 ndi zotsogolera boma, ndipo makhoti angaziganizire pomasulira malamulo, koma munthu sangapite nazo kukasuma kuti apatsidwe ndalama zakutizakuti. Ngakhale malipiro otsikitsitsa amene nduna ya zantchito imalengeza pansi pa gawo 54 la Employment Act tsopano sasiyanitsa madera. Kale adali awiri, a m'tauni ndi a kumidzi, koma adaphatikizidwa. Pamene adakwezedwa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi mu February 2024, mlingowo udali umodzi kuyambira ku Chitipa mpaka ku Marka.

Phunziro la alawansi ya kumudzi

Boma lidayesapo kale kusiyanitsa malinga ndi malo, ndipo zimene zidachitika n'zofunika kuzidziwa kwa aliyense amene akufuna kuti ndondomekoyi isinthe. Mu 2010 lidayambitsa alawansi ya aphunzitsi a pulayimale akumidzi ya K5,000 pamwezi. Cholinga chidali chabwino: sukulu za m'tauni ndi za m'matauni ang'onoang'ono zidali ndi aphunzitsi ochuluka, pamene zakutali mphunzitsi mmodzi ankasamala ana oposa 100, kutali ndi mlingo wa ana 60 umene boma lidadziikira. Pa nthawiyo K5,000 idali ndalama yomveka poyerekeza ndi salale ya mphunzitsi woyamba kumene.

Zinthu ziwiri zidaipha mphamvu. Choyamba, panalibe tanthauzo lokhwima la sukulu yakutali. Sukulu ya pamsika waukulu m'mbali mwa msewu wa tala, yokhala ndi magetsi ndi mashopu, inkawerengedwa ya kumudzi mofanana ndi sukulu ya kuseri kwa mapiri imene umafikako utawoloka mitsinje. Aphunzitsi amene adasiyidwa adadandaula, ndipo kudandaulako kudali komveka chifukwa malire sankadziwika. Mndandanda udakula mpaka aphunzitsi ambiri a pulayimale m'dziko muno adalowamo. Alawansi imene pafupifupi aliyense akulandira singakope munthu kuti achoke patauni yaing'ono kupita kuthengo. Chachiwiri, idali nambala yokhazikika. Idakwezedwa kufika pa K10,000, koma kwacha idapitiriza kugwa, mu 2012, mu May 2022 ndi 25 peresenti, ndiponso mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo alawansiyo idafota mpaka kusakwanira ulendo umodzi wa kabaza wopita kuboma ndi kubwerera m'madera ambiri.

Kafukufuku wa Banki Yaikulu ya Dziko Lonse mogwirizana ndi unduna wa zamaphunziro adayang'ana vutoli ndipo adapereka njira yogawa sukulu m'magulu atatu, A, B ndi C, poona mtunda wake kuchokera pamsika ndi zinthu zimene zilipo monga msewu, magetsi, banki ndi chipatala. Ganizo limeneli ndi lanzeru chifukwa chilichonse mwa zimenezi n'chotheka kuchiyeza, ndipo mphunzitsi, mkulu wa maphunziro wa m'boma ndi komiti ya sukulu angathe kuona limodzi ngati sukulu yawo yaikidwa m'gulu loyenera.

Azaumoyo nawo ali ndi mbiri yawo. Pamene anamwino ndi madotolo ankachoka m'dziko muno mwaunyinji kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, boma ndi mayiko othandiza adakhazikitsa ndondomeko yapadera imene kuyambira mu 2005 idawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo, m'zipatala za boma ndi za mipingo za CHAM. Idathandiza kuti anthu asachoke pantchito. Koma idali ya aliyense wa m'maguluwo posayang'ana malo, ndiye sidathetse funso loti ndani akagwire ntchito pachipatala chaching'ono cha kumalire.

Anzathu amachita bwanji?

Ku Zambia, kungodutsa malire a Mchinji kapena Mqocha, ogwira ntchito m'boma kumadera akumidzi amalandira alawansi yowerengedwa ngati gawo la salale: 20 peresenti kwa a kumidzi, 25 peresenti kwa a kumadera akutali kwambiri. Nakonso mikangano ya malire ilipo, koma ubwino wake ndi woonekeratu. Salale ikakwera alawansi imakwera yokha. Tingoyerekeza, munthu wa salale ya K200,000 akanakhala pa 20 peresenti bwenzi akulandira K40,000 yapadera, ndipo chaka chimene salale yakwezedwa sipafunikanso zokambirana zina.

Ku Britain, kumene anamwino ambiri a ku Malawi adapita, vuto ndi la mbali inayo, la mzinda wodula. Ogwira ntchito m'zipatala za boma za NHS ali pa magiredi ofanana, koma a pakati pa London amawonjezeredwa 20 peresenti, a m'mbali mwa mzindawo 15 peresenti, ndipo a m'madera oyandikana nawo 5 peresenti, ndi malire a ndalama yochepetsetsa ndi yochulukitsitsa. Mu 2011 nduna ya zachuma George Osborne idafuna kupita patsogolo pamenepo, kuti malipiro a m'boma azitsatira malipiro a m'dera lililonse. Mabungwe a apantchito ndi andale a madera osauka adakana kuti zimenezo zidzatsitsa malipiro kumene kuli kale umphawi ndi kuthamangitsa akatswiri, ndipo pofika kumapeto kwa 2012 boma lidasiya ganizolo kwa ogwira ntchito m'zipatala ndi m'maofesi ake.

Kuno kwathu ine ndikuona kuti kugawa salale yeniyeni potsata zigawo kapena maboma kungakhale kulakwitsa kwakukulu. Chifukwa choyamba ndi cha masamu. Ngati tingatsatire mtengo wa zinthu wokha, Lilongwe ndi Blantyre ndiwo angalandire zambiri, ndipo kumeneko n'kumene anthu akulimbirana kale kupita. Sukulu za ku Dedza kumapiri ndi zipatala za ku Mangochi kumalire zingatsale zopanda anthu kuposa lero. Chachiwiri ndi penshoni. Penshoni imawerengedwa kuchokera pa salale, ndiye munthu amene adatumikira zaka zake zonse kudera la salale yotsika angalangidwe mpaka mu ukalamba, ngakhale atakapumira ku Lilongwe. Chachitatu ndi mbiri yathu. Anthu sadaiwale za 1989, pamene aphunzitsi adalamulidwa kubwerera kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, kapena mkangano wa zaka zambiri wa kota posankha ophunzira. Ndondomeko iliyonse imene ingalembe kuti kumpoto alandire mwakuti, pakati mwakuti, kumwera mwakuti, idzamveka ngati ya mitundu ngakhale oilemba atakhala ndi mtima woyera. Salale ikhale imodzi. Kusiyana kukonzedwe ndi maalawansi omangiriridwa pamalo ogwirira ntchito, oyezedwa ndi mfundo zolembedwa poyera, owerengedwa mwa peresenti, ndipo otha tsiku limene munthu wasamuka pamalopo. Ngati chikwama cha boma sichingakwanitse zonse nthawi imodzi, ndipo tikudziwa kuti n'choperewera, ayambe ndi akutali kwenikweni, chifukwa kumeneko kusowa kwa wantchito mmodzi kumatseka kalasi kapena chipinda cha amayi oyembekezera.

Chako ndi chiti, chokambirana ndi chiti?

Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limasiyanitsa mikangano iwiri. Pali mkangano wa chinthu chimene chidalembedwa kale, m'lamulo, m'kalata yolembedwera ntchito, m'chikalata cha boma cholengeza maalawansi kapena m'pangano la bungwe la apantchito ndi boma. Pali mkangano wofuna chinthu chatsopano. Njira zake ndi zosiyana.

Ngati sukulu yanu ili pamndandanda wolandira alawansi koma inu simukulandira, ngati mudakwezedwa giredi koma salale sidasinthe, ngati ndalama ya tchuthi ya pachaka sidabwere, chimenecho n'chanu kale. Yambani ndi peyisilipi. Gawo 51 la Employment Act likuti wantchito aliyense azilandira chikalata cholongosola malipiro ake ndi zonse zimene zadulidwa. Ambiri amangoona ndalama yalowa kubanki osafunsa peyisilipi, ndipo amadzazindikira patapita zaka kuti ankamanidwa kapena ankadulidwa ngongole imene adamaliza kale. Sungani kalata yokulembani ntchito, yokutumizani pamalo pamene muli, ndi yokukwezani. Dandaulo lilembedwe, lidutse kwa mkulu wa pamalo panu kupita ku ofesi yoona za ogwira ntchito kukhonsolo kapena ku unduna, ndipo kope lanu lidindidwe ndi deti. Kungouza bwana pakamwa sikusiya umboni. Zikakanika mkati, mungathe kudandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kenako kubwalo la Industrial Relations Court, lomwe lidakhazikitsidwa ndi gawo 110 la malamulo aakulu kuti liziweruza milandu ya pantchito. Ofesi ya Ombudsman nayo imalandira madandaulo a anthu amene achitiridwa zosalungama ndi maofesi a boma, ndipo silipiritsa. Musachedwe, chifukwa milandu ili ndi nthawi yake yoikika, ndipo dandaulo la kuchotsedwa ntchito mosayenera liyenera kufika kwa mkulu wa zantchito pasanathe miyezi itatu.

Koma ngati chimene mukufuna ndi alawansi yatsopano ya nyumba m'mizinda, kapena kuti ya kumudzi isanduke peresenti, khoti silingakupatseni. Zimenezo zimapezeka patebulo la zokambirana, pamene mabungwe monga Civil Servants Trade Union, Teachers Union of Malawi ndi bungwe la anamwino ndi azamba amakumana ndi gulu lokambirana m'malo mwa boma. Apa ndi pamene membala wa ku Chitipa kapena ku Nsanje ayenera kukhala tcheru. Zokambirana zimachitikira ku Lilongwe, ndipo chosavuta kugwirizana ndi peresenti imodzi ya aliyense. Sitalaka yaikulu ya ogwira ntchito m'boma ya mu February 2013, imene idatseka ngakhale mabwalo a ndege, idatha boma litavomera kukweza malipiro a otsikitsitsa ndi 61 peresenti ndi a pamwamba ndi 5 peresenti. Idachepetsa mpata wa pakati pa magiredi, ndipo icho chidali chabwino, koma mpata wa pakati pa malo udatsala momwemo. Ngati nthambi za m'maboma akutali sizilemba nkhaniyi pamndandanda wa zofuna za bungwe lawo, palibe wina adzailembe.

Sitalaka ndi ufulu, koma ili ndi ndondomeko. Mkangano umayamba wakanenedwa kwa mlembi wamkulu wa unduna wa zantchito, pamakhala nthawi ya masiku 21 yoyesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo zikakanika pamaperekedwa chidziwitso cha masiku 7 ntchito isananyanyalidwe. Ogwira ntchito zimene zikaima zingaike moyo wa anthu pachiswe saloledwa kunyanyala, ndipo mkangano wawo umapita kukhoti la apantchito. Kuyambira pamene lamulo la Labour Relations Act lidasinthidwa mu 2021, wolemba ntchito ali ndi mphamvu yosalipira masiku a sitalaka opitirira atatu pachaka. Wonyanyala mosatsata njirazi amataya chitetezo chimene lamulo limapereka.

Chida china chimene apantchito ndi makolo sadachizolowere ndi lamulo la Access to Information Act, limene lidayamba kugwira ntchito mu September 2020. Nzika iliyonse ingalembere khonsolo kapena unduna kufunsa mfundo zimene amatsata posankha malo olandira alawansi, mndandanda wa malowo, ndi chiwerengero cha aphunzitsi pasukulu iliyonse ya m'bomalo. Ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo ikakana mungadandaule ku Malawi Human Rights Commission, imene imayang'anira lamuloli. Komiti ya sukulu imene ili ndi manambala otere m'manja imalankhula mwamphamvu kuposa imene ikungodandaula kuti aphunzitsi ndi ochepa.

Kusamutsidwa

Boma lili ndi mphamvu yotumiza wantchito wake kulikonse kumene kukufunika ntchito, ndipo wolowa ntchito ya boma amavomera zimenezo. Kukana kupita, kapena kusainira kuti wafika koma n'kumakhala m'tauni, ndi mlandu wa pantchito. Kulandira alawansi ya malo amene sukugwirako ntchito n'kuba ndalama za boma. Kupereka kenakake kwa wa mu ofesi kuti akusamutsire pafupi ndi tauni ndi katangale kwa wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo Anti-Corruption Bureau ilipo chifukwa cha zoterezi. Amene amalipira mtengo wa chinyengo chotere ndi ana a sitandade 1 otsala opanda mphunzitsi, komanso wantchito wopanda omudziwa amene amakalambira kumalo ovuta chifukwa malo ake adagulidwa ndi ena.

Mphamvu ya boma nayo ili ndi malire. Gawo 43 la malamulo aakulu likupatsa aliyense ufulu wochitiridwa zinthu mwalamulo ndi mwachilungamo ndi maofesi a boma, ndiponso wouzidwa zifukwa molemba pamene chiganizo chikukhudza ufulu kapena zofuna zake. Tonse timamva mawu akuti amuponyera ku Nsanje kapena ku Chitipa ponena za munthu amene wayambana ndi akuluakulu. Kusamutsa munthu ngati chilango popanda kumumva kungatsutsidwe pansi pa gawo limeneli, ndipo kumanyozanso anthu a m'maboma amenewo, ngati kuti iwo ndi oyenera kutumikiridwa ndi olangidwa. Wosamutsidwa afunse kalata, afunse zifukwa, ndipo afunsenso ku ofesi yoona za ogwira ntchito zimene malamulo a ntchito za boma akupereka pa mayendedwe a katundu ndi banja lake. Ndi bwino kupita kumalo atsopanowo uku dandaulo likuyenda, chifukwa kujomba kumapatsa olemba ntchito chifukwa china chomveka chokuchotsera.

Malipiro onsewa amachokera m'misonkho, ndipo amavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu bajeti ya chaka chimene tsopano chimayamba pa 1 April. Bajeti isanalembedwe nduna ya zachuma imachititsa misonkhano yomva maganizo ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo maganizo olembedwa amalandiridwa. Anthu a ku Likoma, Neno kapena Nthalire sangafike mosavuta kumisonkhano ya m'mizindayi, koma ali ndi phungu, makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'dera. Kalata yochokera ku komiti yotere, yotchula sukulu ndi zipatala zimene zilibe antchito okwanira, mtunda wake kuchokera kuboma ndi miyezi imene msewu umaduka, iyenera kufika kwa phungu ndi kwa bwanamkubwa miyezi ya December ndi January, manambala a bajeti asanatsekedwe.